Phiri Limene Agogo Jailosi Ankalisaka M'mabuku

Nsungwi yaiwisi ikang'ambidwa imatulutsa kafungo kozizira ngati ka madzi a pakasupe, ndipo ndikangokamva ndimaona agogo Jailosi atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, mpeni uli m'manja, timizere ta nsungwi titawazungulira mbali zonse. Mphepo ikachokera kumunsi inkabwera ndi fungo lina, la masamba a tiyi akuuma ku fakitale, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Kuseri kwa nyumba agogo aakazi ankakhala akusenda chinangwa cha makaka kapena akulimbana ndi mphika wa nyemba za kalongonda umene unkatenga tsiku lathunthu, ndipo kutsidya kwa khwawa kunkamveka mawu a amayi othyola tiyi akuitanizana popita ku sikelo.

Mudzi wathu unali m'malire a esiteti, cha ku njira ya ku Masambanjati. Pamene pankathera munda wathu wa chinangwa ndi pomwe tiyi ankayambira. Agogo, omwe anali bambo a mayi anga, anagwira ntchito pa esitetipo kuyambira ali mnyamata: anayamba ndi kupalira, kenako kudulira tiyi, pomaliza kusonkhezera moto ku fakitale. Pamene ine ndinkazindikira n'kuti atapuma kale, ng'ala itayera m'maso onse awiri. Ankaluka madengu othyolera tiyi mongopapasa, ndipo sankalakwitsa.

Ndili sitandade seveni, pasukulu pathu panabwera bokosi lachitsulo lodzaza mabuku. Bokosilo linkazungulira m'masukulu a m'dera lathu. Likakhala masabata angapo, galimoto inkabwera kudzalitenga n'kusiya lina. Aphunzitsi a Chimenya, omwe ankasunga kiyi, ankatilola kubwereka buku limodzi limodzi. Tsiku loyamba ndinatenga la nthano, ndipo nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde n'kumawerenga chamumtima.

"Akazi anga, mwangoti zii bwanji?" anafunsa agogo. Umu ndi mmene ankanditchulira, monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamkazi, ngakhale dzina langa ndi Malita.

Ndinawauza kuti ndikuwerenga, ndipo anati ndiwerenge mokweza. Bukulo linali la Chingerezi, choncho ndinkawerenga ndime imodzi kenako n'kuwamasulira. Tisanapite patali anandidula.

"Zimenezo zinachitikadi?"

"Ayi, agogo, n'zopeka."

"Kabweze. Mabodza ndili nawo anga okwanira. Ukatenge la zinthu zimene zinachitika."

Umo ndi mmene zinayambira. Masana alionse ndikaweruka, ndikatunga madzi ndi kutsuka mbale, ndinkakhala pambali pawo ndi buku, iwo akuluka. Tinawerenga mbiri ya mayi wina wa kudziko lakutali amene anayamba ndi kusoka zovala mpaka kukhala ndi sitolo zambiri. Agogo anamvetsera masiku asanu ndi limodzi, ndipo titafika kumapeto anafunsa kuti, "Nanga malume ake anali ndani?" Nditati sanatchulidwe, anapukusa mutu. Kwa iwo, munthu amene walemba moyo wake wonse osatchula malume ake anali ndi china chimene ankabisa.

Tinawerenganso buku la mkulu wina wolangiza anthu za kutukuka pa moyo. Iyeyo ankalimbikira nkhani yodzuka m'mamawa.

"Amadzuka nthawi yanji iyeyo?"

"Akuti faifi koloko."

"Faifi? Ife faifi inkatipeza titanyowa kale ndi mame mpaka m'chiuno. Ndiye bwanji sitinalemere? Pitiriza, mwina ayankha kutsogoloko."

Sanayankhe, ndipo agogo anamutcha dzina loti Mdzukamochedwa. Komabe sankanyoza zonse. M'buku lina la zamalonda munali mawu oti wogulitsa azifunsa ogula chimene chikuwasowetsa mtendere. Mawa lake anakhala m'mbali mwa njira n'kumaimitsa amayi ochokera kothyola tiyi, kuwafunsa pamene dengu linkawapweteka. Atamva kuti mkombero wake unkakhula msana, anayamba kuluka mbali imodzi yophwatalala. Pasanathe mwezi amayi a kumalaini, kumene kunkakhala antchito a pa esiteti, ankafika pakhomo pathu kudzafuna madengu amenewo.

Chingerezi changa chinali choperewera, ndipo ndikakumana ndi mawu ovuta ndinkangopeka zanga. Koma makutu a agogo anali akuthwa kuposa mpeni wawo. "Pamenepo wadumpha," ankatero. "Mawu ako athamanga ngati munthu wodutsa pamanda. Bwerera." Ndinayamba kulemba mawu ovutawo padzanja n'kukafunsa aphunzitsi.

Panali funso limodzi limene linkabwera pa buku lililonse, ngakhale la mayi wosoka uja. Ndikangotsegula tsamba loyamba, agogo ankati, "Muli mapu mmenemo?" Ndipo tikamaliza ankafunsa ngati sakusamala kwenikweni, "Za Munyikwa sanatchulemo?"

Poyamba ndinkayesa kuti Munyikwa ndi munthu. Mayi anga ndi amene anandifotokozera tikuchapa kumtsinje. Bambo a agogo anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, kuthawa ntchito yakalavulagaga imene Apwitikizi ankagwiritsa anthu. Anayenda masiku ambiri mpaka anafika m'minda ya tiyi, kumene anakwatira mkazi wa kumalaini. Mkaziyo anamwalira agogo ali wakhanda, choncho agogo analeredwa ndi bambo awo okha. Bambowo ankati kwawo ndi ku Munyikwa, patsinde pa kaphiri, ndipo tsiku limene ankathawa anasiya mlongo wawo akusinja mapira pathanthwe, osamutsanzika. Sanabwererekonso.

Vuto linali loti palibe wina aliyense amene anamvapo za malowo. Agogo anafunsa madalaivala a malole, anafunsa ogulitsa nsomba zouma, anafunsa anthu amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Onse ankangopukusa mitu. M'kupita kwa zaka, anthu anayamba kunong'ona kuti mwina bambo awowo anathawa mlandu kwinakwake, n'kudzipekera dzina ndi mudzi womwe. Ngakhale agogo aakazi, akakwiya, ankati, "Kwanu kuja kosaoneka."

Ine ndinamva ndekha kulemera kwa nkhaniyi tsiku lina pa mkangano wa malire a munda. Abale a agogo aakazi anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo agogo Jailosi atayesa kunena pamene ankakumbukira kuti panali malire akale, mchimwene wawo wa agogo aakazi anawadula pakamwa.

"Alamu, inu khalani chete. Mkamwini amene ali ndi kwawo timamumvera. Nanga inu tikakuthamangitsani mungaloze kuti?"

Ena anaseka. Agogo anapapasa ndodo yawo, n'kubwerera pakhonde, ndipo masana amenewo sanafune kuti ndiwerenge.

Bokosi lachitatu litabwera, ndinapezamo buku lalikulu lopanda chikuto, masamba ake achikasu. Linali la mbiri ya anthu a m'mapiri a mbali ino ndi a kutsidya kwa malire. Linatitengera pafupifupi nthawi yonse imene bokosilo linakhala pasukulu. Kunja kunali chiperoni, kamvula kosatha kaja, ndipo tinkakhala titafunda chitenje chimodzi, nkhungu itaphimba tiyi yense. Bukuli agogo sankaliseka. Titafika pa mutu wonena za anthu amene ankawoloka malire kudzafuna ntchito, ndi za thangata, ntchito imene ankagwirira eni minda kuti aloledwe kukhala pamalo, anasiya kuluka. Pena ankavomereza ndi mutu. Pena ankatsutsa.

"Akuti anabwera okha mosangalala? Amene analemba ameneyo sanaone mapazi a bambo anga."

Kumapeto kwake kunali mapu opinda, ong'ambika pang'ono, amene sindinawaone poyamba paja. Nditawauza, anaika dengu pansi.

"Werenga maina onse. Usadumphe ngakhale limodzi."

Ndinayamba kumtunda kutsika, chala chili pa pepala. Maina a mbali ino anali osavuta. A kutsidya anali olembedwa mwachilendo, ndipo lilime langa linkapunthwa, koma ndinawatchula onse mmene ndikanathera. Nditamaliza anati ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako anatola dengu lawo.

"Basi, akazi anga. Kabweze buku la eni."

Ndinalibweza Lachitatu. Bokosi linkayenera kuchoka Lachisanu m'mawa.

Lachinayi sindinapite kusukulu, chifukwa pamene chitsa cha nandolo chinandibaya kuphazi masiku angapo m'mbuyomo panali patachita mafinya. Mayi anandituma ku kachipatala ka pa esiteti. Tinakhala pa benchi anthu ambiri, ndipo kalaliki ankaitana maina powerenga pa timabuku ta kuchipatala.

"Rosini-ha! Mayi Rosini-ha!"

Mayi wina wamtali, wa mpango wofiira, anadzuka akudandaula. "Rozinya, achimwene! Rozinya! Chaka ndi chaka ndimakuuzani."

Anthu anaseka. Mayiyu ndinkamudziwa ndi maso okha. Anali mmodzi wa othyola tiyi, anabwera nthawi ya nkhondo ndipo anakwatiwa konkuno. Atabwerera pa benchi kudikira mankhwala, chidwi chinandigwira, ndipo ndinapempha kuona kabuku kawo. Panalembedwa kuti Rosinha.

"Nanga nya ali pati apa, mayi?"

"Si uyu," anatero akuloza. "Kwathu ndinaphunzirako sukulu ya Chipwitikizi. Akalemba n ndi h pamodzi, umawerenga kuti nya."

"Nanga c?"

"Pena ngati s, pena ngati k. Zimatengera chimene chatsatira."

Pomwepo ndinakumbukira. Pa mapu aja panali dzina limodzi limene linandivuta kawiri konse, lolembedwa ting'onoting'ono pafupi ndi pong'ambika paja. Ine ndinkalitchula kuti Munihisuwa.

Ndinawapempha kuti asachoke, ndipo ndinatuluka ndisanaonane ndi adokotala. Kusukulu kunali kamtunda ndithu, ndipo ndinkaponda ndi chidendene chokha. Ndinapeza aphunzitsi a Chimenya atatseka kale bokosi, akulimanga ndi chingwe.

"Malita, si iwe akuti ukudwala?"

Ndinafotokoza mopupuluma, zoyamba kumapeto, zomaliza poyamba. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana phazi langa lotupalo.

"Ukudziwa kuti likasowa buku limodzi, bokosi silidzabweranso pano? Ana onsewa adzakhala opanda mabuku chifukwa cha iwe."

"Ndibweza lero lomwe, aphunzitsi."

Anapuma mozama, n'kumasula chingwe. Analikulunga mu pepala la pulasitiki chifukwa cha kamvula kaja, nati dzuwa lisanalowe likhale lili m'manja mwawo.

Mayi Rozinya ndinawapeza atakhala pakhonde la chipatala. Sindinawauze dzina limene ndinkafuna, poopa kuti angangondivomereza pofuna kundisangalatsa. Ndinangotambasula mapu, n'kuloza pamene panalembedwa kuti Munhicua.

Anatsinzina pang'ono, akuliyandikitsa kumaso. "Munyi... Munyikuwa. Kapena Munyikwa, mmene angatchulire eni ake."

Sindikumbukira zimene ndinanena. Ndikungokumbukira kuti ndinawagwira dzanja ngati ndi mayi anga, ndipo iwo, ngakhale anali ndi malungo m'thupi, anavomera kupita nane kunyumba. Anaumirira kaye kuti bala langa litsukidwe.

Tinapeza agogo ali pamalo pawo. Mlendo atapatsidwa mpasa ndi moni, ine ndinati, "Agogo, mayiwa amatha kuwerenga maina a kutsidya. Ine ndinkalakwitsa." Kenako ndinaloza, ndipo mayi Rozinya anawerenga.

Mpeni unagwa pansi. Agogo anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo.

"Bwerezani, mayi."

"Munyikwa."

"Mwanayu anakuuzani kuti mutero?"

"Sanandiuze kanthu, bambo. Ndi mmene alembera apa. Pali kachizindikiro ka phiri, ndi kamtsinje kodutsa m'munsi mwake."

Apo agogo anasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, chimene ine ndinkangomva patalipatali. Analankhulana nthawi yaitali. Pambuyo pake mayiwo anandiuza kuti iwo kumeneko sanafikeko, koma mtsinje waukulu umene kamtsinjeko kankathiramo ankaudziwa. Kuchokera kwawo unali ulendo wa masiku angapo wapansi.

Kenako agogo anatambasula dzanja. "Ndigwiritse."

Ndinatenga chala chawo, chokhakhala ndi mabala a nsungwi, n'kuchiika pa dzinalo. Chinaphimba phiri, mtsinje ndi maina ena awiri oyandikana nalo.

"Palibe chimene ndikumva," anatero. "Ndi posalala ngati pena paliponse." Anakhala choncho, chala chili pomwepo. "Nanga m'katimo alembamo zotani za kumeneko?"

Ndinayang'ana pa mndandanda wa maina kumapeto kwa buku. Munalibe. Ndinachita mantha kuwauza.

"Palibe, agogo. Ndi dzina lokhali basi."

Ndinkayembekezera kuti akhumudwa, koma anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka kutsokomola.

"Lokhalo ndi limene linkasowa. Zinazo bambo anandiuza kale."

Agogo aakazi anali ataima pakona ya nyumba nthawi yonseyi, chipande chili m'manja. Sankadziwa kuwerenga, koma anabwera, n'kuwerama, n'kuyang'anitsitsa mapuwo ngati akusankha nyemba.

"Ndi apa?"

"Eya, agogo."

"Ndiye kunalikodi," anatero motsitsa mawu. Sanapepese, chifukwa sanali munthu wopepesa ndi pakamwa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi phava la nthochi ndi mbale ya makaka, n'kupatsa mlendo. Ndinabweza buku dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugamu, ndipo aphunzitsi anandifunsa ngati tapeza. Nditati eya, anatsegula mapu aja kuti aone nawo, n'kundipatsa pepala ndi pensulo kuti ndijambule kachigawo kameneko asanatseke bokosi.

Loweruka m'mawa agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi, nati ndiwatsogolere. Tinadutsa m'tinjira ta m'tiyi mpaka pa kankhalango kamene kanasiyidwa pakati pa munda, kumene kunali manda akale a anthu a kumalaini, komwe bambo awo anaikidwa. Ana sitinkaloledwa kulowa, choncho ndinawafikitsa pa mtengo woyamba, ndipo kuchokera apo anapita okha ndi ndodo, akuwerenga mapazi. Ndinatsala m'tiyi, mame akundinyowetsa siketi. Ndinkamva mawu awo, osati ngati a munthu wopemphera koma ngati a munthu amene akupereka uthenga kwa mkulu wake. Chilomwe chake sindinachimve chonse, koma dzina lija ndinalimva katatu. Potuluka anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Ndawauza kuti ndasiya kuwakayikira," anatero. Aka kanali koyamba kudziwa kuti nawonso ankakayika.

Mawa lake Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, agogo aakazi anaimitsa mchimwene wawo uja pamaso pa anthu, n'kumuuza kuti kwawo kwa amuna awo kuli m'buku, pa mapu, ndipo amene akufuna akafunse aphunzitsi. Anawonjeza kuti mudzi wathu iwo anaufunafuna pa mapu omwewo koma sanauone. Mmene anaufunira munthu wosadziwa kuwerenga, palibe anafunsa.

Agogo ku Munyikwa sanapiteko. Thupi linali litatopa, ndipo iwo sanaumirire. Tinapitiriza kuwerenga mabuku ena, a mbiri za anthu, a zaulimi, lina la miyambo ya anthu a kumpoto limene linawadabwitsa kwambiri, koma funso lija sanalifunsenso. Anamwalira ine ndili fomu wanu.

Lero ndine namwino ku Limbe, ndipo ndili ndi ana awiri. Chaka chathachi ndinatenga tchuthi, n'kuwoloka malire pa Muloza ndi kapepala kanga kojambula kaja. Ndinakwera minibasi ziwiri, kenako njinga yamoto ya mnyamata wina wodziwa Chichewa, tikufunsa njira pamsika uliwonse. Tsiku lachiwiri masana tinafika. Kaphiriko n'kakang'ono, kosafika ngakhale theka la phiri la Thyolo, ndipo m'munsi mwake muli kamtsinje ndi matanthwe ambiri. Sindikanatha kudziwa kuti thanthwe la mapira lija ndi liti.

Anthu anandilandira bwino, koma ambiri anali obwera nkhondo itatha. Ndinatchula dzina la bambo a agogo, ndinatchula la mlongo wawo. Palibe analidziwa. Pomaliza ananditengera kwa mayi wina wokalamba kwambiri amene anabadwira pomwepo. Anali atakhala padzuwa akusola mtedza. Nawonso maina aja sanawadziwe. Anati mabanja ambiri anabalalika, ena anafera m'njira. Ndinathokoza, ndipo podzuka ndinanena kuti ndakondwabe kuti ndaiona Munyikwa ndi maso anga.

Mayiwo anasiya kusola. Anayankhula kwa mnyamata wa njinga uja, ndipo iye anamasulira.

"Akuti mutchulenso."

Ndinatchula.

Anayankhulanso, nthawi ino akundiyang'ana ine.

"Akuti masiku ano aliyense pano amati Munyikuwa, mmene amalembera pa zikalata. Inu mukutchula ngati amayi awo, ngati anthu akale. Akufunsa kuti anakuphunzitsani ndani."

Ndinakhalanso pansi. Ndinawauza za mnyamata amene anachoka pamenepo osatsanzika, za mwana wake amene anakalamba akuluka madengu m'malire a tiyi, ndi za ine. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatapa mtedza wodzaza manja awiri n'kundithirira m'chitenje, monga amachitira ndi mwana wapamudzi amene akubwerera kutali.

Wachibale sindinam'peze. Koma ndinabwerako ndikudziwa kuti dzinalo linayenda kuchokera pakamwa pa bambo a agogo, kudzera pa agogo, mpaka pa ine, osapindika ngakhale pang'ono. Ana anga Chilomwe sachidziwa, ndipo minda ya tiyi amangoiona pawindo la basi. Koma onse awiri ndawaphunzitsa kutchula Munyikwa, ndipo wamng'onoyo akalakwitsa, mkulu wake amamubweza.